Mbale ya Mbalaga ndi Mafupa a Malawisaurus

Munthu amene anakhalako ku Karonga m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaswa mtengo ndipo ngakhale kamphepo kochokera kunyanja kamafika katatentha kale ngati mpweya wa m'ng'anjo, adziwa kuti masana a kumeneko wanzeru sayendamo, koma amafuna khonde la mthunzi, mpando wolimba ndi chakumwa chozizira, nadikira kuti dzuwa lipendeke. Ine khonde lotere ndinalipeza m'masiku otsiriza a ulamuliro wa chipani chimodzi, ntchito ya boma itandizula kwathu kuchigawo chapakati ndi kukanditula kumapeto a dziko lino. Ndipo linali khonde la nyumba ina yodyeramo ya kutauni yakale, kufupi ndi nyanja, imene kumaso kwake ankagulitsa chakudya ndipo kuseri kwake, dzuwa likalowa, ankagulitsa mowa. Dzina lake sinditchula, pakuti eni ake sanandipemphe kuti ndiwaike m'nyuzipepala, komanso nyumba zotere zilipo zingapo m'boma limeneli, kuyambira ku Chilumba kufikira ku Songwe, ndipo zimene ndinene za imodzi zikhudza zonse.

Patapita zaka ndinabwererako, ndipo nditatha kudya ndinafunsa mayi amene ankatiphikira kuyambira kale, ndinati, "Kodi mayi, nyumba ino inayamba liti kudyetsa anthu?" Iwo anapukuta manja pa chitenje, nayang'ana kudenga monga ngati chakacho chinalembedwa pa malata, nati, "Bambo, ine ndinaipeza. Amene ankadziwa anatsogola kale." Yankho limeneli lakhala likundisowetsa mtendere, ndipo chifukwa chake ndi ichi: m'tauni yomweyo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale, Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, m'mene mwana wa sukulu angalowe naona chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus, chinyama chimene chinkayenda m'dera lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, namvanso za nsagwada ya munthu wamakedzana imene inapezeka ku Uraha mu 1991, imene akatswiri amati yatha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Taonani tsono, zaka za chinyama chimene palibe diso la munthu linachionapo chamoyo tikuzidziwa, koma zaka za nyumba imene inadyetsa makolo athu, imene utsi wake ukufukabe lero, tilibe woti atiuze. Sindinena izi monyoza akatswiri ofukula mafupa, iyayi, ntchito yawo inakweza dzina la Karonga pa dziko lonse. Ndingoti ife eni ake tili ndi mafupa athu ena amene akuwola tisanawafukule.

Pakuti Karonga ndi tauni imene inabadwa chifukwa cha apaulendo, ndipo wapaulendo aliyense ali ndi mimba. Angonde anali kale m'chigwa chimenechi pansi pa ufumu wa Kyungu, umene likulu lake lakale linali pa phiri la Mbande, akuweta ng'ombe, kulima nthochi ndi kumwa chambiko, mwakuti azungu oyamba kufikako anazizwa ndi ukhondo wa midzi yawo ndi kuchuluka kwa chakudya chawo. Koma tauni yeniyeni inayamba mu 1884, pamene kampani ya African Lakes, imene tonsefe timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inatsegula sitolo pagombe, pamutu pa msewu wa Stevenson wolowera kunyanja ya Tanganyika, niikapo Monteith Fotheringham kuti aziyang'anira malonda. Minyanga ya njovu inkatsika, nsalu ndi mikanda zinkakwera, ndipo katundu yense ankayenda pamutu pa munthu. Kenaka kunadza nkhondo ya Mlozi, wamalonda a akapolo amene anamanga linga lake ku Mpata, nkhondo imene inayamba mu 1887 ndi kutha mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston anamupachika. Ndipo pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Ajeremani, atawoloka Songwe, anamenyana ndi a Angerezi pa Karonga pomwepa, ndipo manda a ena mwa ophedwa tsiku lija alipo mpaka lero. Mabuku amene analembedwa za zinthu izi amawerenga mfuti, amatchula akapitawo ankhondo, amasimba za kuvulala kwa Frederick Lugard mu 1888. Koma amtengatenga aja, zikwi ndi zikwi, amene anasenza ufa ndi zipolopolo za nkhondo yosakhala yawo, ankadya kuti akatula katundu, ndipo anawaphikira ndani? Mphika woyamba umene mayi wa Chingonde anatereka pambali pa njira kuti agulitse chakudya kwa munthu wosamudziwa ndiwo kholo la nyumba zonse zodyeramo za m'tauni ino, ndipo mayiyo sanalembedwe m'buku lililonse.

Anthu a m'chigwa chimenechi sanaphunzire kwa mzungu kuti kudyera pamodzi ndi chinthu chamtengo wapatali. Monica Wilson, amene pamodzi ndi mwamuna wake Godfrey anakhala pakati pa Anyakyusa a kutsidya kwa Songwe m'zaka za m'ma 1930, abale enieni a Angonde pa chilankhulo ndi pa miyambo, analemba buku lotchedwa Good Company, lomwe linatuluka mu 1951, ndipo mutu wa bukulo anautenga pa mawu a anthuwo akuti ukwangala, ndiko kukondwera ndi kucheza kwa anzako a msinkhu umodzi, kudya nawo, kukambirana nawo, ndi kunolana nawo nzeru. Kwa iwo munthu wodya yekha m'nyumba, chitseko chili chotseka, ankamuyang'ana ndi diso lokayika, pakuti nzeru, ulemu ndi luso loweruza milandu munthu amazitola pambale imene akudyera pamodzi ndi anzake. Ife Achewa sitidabwa nazo, popeza nafenso tinali ndi chidyerano, ndi mphala, ndi bwalo. Koma mudzi ukasanduka tauni, ndipo anzako a msinkhu umodzi akamwazikana, wina ku Mzuzu, wina ku Mbeya, wina ku Joni, mwambo wotere umafuna denga latsopano loti ubisalemo. Ndiyesa kuti denga limenelo, m'matauni athu aang'ono, ndilo nyumba yodyeramo yakale imene ili ndi bala kuseri.

Ndiloleni ndisimbe zimene ndinaziona pakhonde lija, chifukwa achinyamata a lero, amene amacheza ndi foni ali pakati pa anthu, angayese kuti ndi nthano. Madzulo alionse pankakumana mphunzitsi, kalaliki wa kwa DC, mlangizi wa zaulimi wochokera kusikimu ya mpunga, msodzi amene wagulitsa bwino usipa, dalaivala wodikira kuti kuche awoloke malire, ndipo pa tebulo limodzi pankamveka Kyangonde, Chitumbuka, Chichewa ndi Chiswahili, nthawi zina m'chiganizo chimodzi cha munthu mmodzi. Ine ndinaphunzira kunena kuti ndagha pothokoza, osati m'kalasi, koma polandira mbale. Pashelefu panali wailesi imene tinkamverapo mpira wa Bullets ndi Wanderers, pakona panali bawo, ndipo pansi pa kauntala panali buku la ngongole, limene linali ngati banki ya anthu a boma, popeza kuyambira pa 15 mwezi uliwonse ambiri a ife tinkadya ndi dzina lokha, kudikira malipiro. M'masiku a atsamunda, kwa nthawi yaitali, lamulo linkaletsa kugulitsa mowa wachizungu kwa munthu wakuda, ndipo kalabu ya azungu wakuda ankailowa ngati wantchito basi. Chotero pamene fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, botolo la Green pa tebulo la mphunzitsi linali ndi tanthauzo lina loposa ludzu. Koma ufulu wa botolo sunali ufulu wa pakamwa. M'zaka zimene ndinafika ine, munthu asanatchule dzina la Kamuzu ankayamba wayang'ana kumanja ndi kumanzere, pakuti makoma anali ndi makutu, ndipo mlendo wogulira anthu mowa mowolowa manja kwambiri ankaopedwa kuposa wakuba. Komabe munali m'nyumba zomwezo, kalata ya mabishopu a Katolika ija ya mu Malichi 1992 itawerengedwa m'matchalitchi, m'mene anthu anayamba kunong'onezana poyamba, kenaka kulankhula, kenaka kutsutsana mokweza, kufikira riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Aliyense wofuna kulemba moona m'mene demokalase inafikira ku Karonga ayenera kufunsa amene ankatsegula mabotolo m'masiku amenewo, chifukwa iwo anamva zonse.

Za chakudya ndisachulukitse, ngakhale mtima ukufuna. Mbalaga, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama ya ng'ombe mpaka msuzi utalowerera, ndiyo mfumu ya mbale zonse za kumeneko. Pambali pake pali mpunga wa Kilombero, umene fungo lake limakupeza usanalowe pakhomo, wolimidwa m'madambo a ku Kaporo ndi m'masikimu monga Hara, Wovwe ndi Lufilya, ndipo anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaugula mokwera mtengo osadziwa kuti kwawo kwa mpungawo umaphikidwa mokoma kuposa. Kutsidya kwa Songwe kunabwera tchipisi cha mazira ndi tiyi wa zonunkhira, ndipo nyumba zanzeru zinazilandira popanda kutaya mbalaga.

Nanga n'chifukwa ninji nyumba zakale zotere zili zowerengeka m'tauni imene yatha zaka zoposa 140? Poyamba, dzanja la boma linagwetsa zina: m'zaka za m'ma 1970 ulamuliro wa Kamuzu unalamula Amwenye kuti achoke m'maboma aang'ono ndi m'midzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo m'dziko lonse mizere ya masitolo imene inali mtima wa tauni inatsala yopanda eni, ina nigwa, ina nisanduka mosungira chimanga, ndipo sitolo ikafa, tiyirumu ya pafupi nayo imadwala. Kachiwiri, nyanja inachita zake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1980 madzi a nyanja ya Malawi anakwera koposa m'mene akulu a nthawiyo anaonerapo, nalowa m'tauni yakale, ndipo m'zaka zotsatira msika, maofesi ndi malonda zinasamukira kumtunda, kumene lero kuli tauni yatsopano ndi raundabauti yake. M'nyumba ndikunenayi akulu ankaloza pakhoma, kunena kuti madzi analekeza apa. Mwini nyumba amene anatsala kugombe anaona makasitomala ake akutsata depoti ya basi, ndipo amene anasamuka anasiya mbiri yake m'matope. Kachitatu, mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinagwedeza boma lonse, nizing'amba nyumba zikwizikwi, ndipo nyumba zakale za njerwa zomangira dothi ndizo zinayamba kugwa. Onjezanipo mtsinje wa North Rukuru, umene sudikira kuitanidwa, ndipo mudzaona kuti nyumba iliyonse imene yadyetsa anthu ku Karonga kwa zaka makumi anayi osatseka yapirira zimene nyumba ya ku Zomba kapena ku Dedza sinaziloteko.

Koma ine ndikhulupirira kuti madzi ndi zivomezi sizinaphe nyumba zochuluka monga zinaphera ndalama za mlendo. Chuma cha Karonga chimadza ngati mvula ya mabingu, yochuluka pa kanthawi, ndipo chimapita chimodzimodzi. Pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko linatembenukira ku doko la Dar es Salaam, ndipo magalimoto a mafuta ndi a katundu anayamba kudutsa pa Karonga usana ndi usiku; pambuyo pake kunadza amalonda opita ku Kyela ndi ku Kariakoo, ndi anyamata okatenga magalimoto ochokera ku Japan. Kenaka mu 2009 kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodi wa miyala ya yureniyamu ku Kayelekera, mtunda wa makilomita oposa 50 kumadzulo kwa tauni, pa nthawi yomweyo imene Atchaina ankamanga msewu wa ku Chitipa. Amene anaona zaka zimenezo akukumbukira m'mene lendi inakwerera, m'mene nyumba zogona alendo ndi mabala zinamerera ngati bowa wa m'Januwale, ndi m'mene munthu wamba ankachitira manyazi kulowa m'malo ena chifukwa mitengo inali yoyezera thumba la wa kumgodi. Ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011 itagwetsa mtengo wa yureniyamu pa dziko lonse, mgodi unaima mu 2014, ndipo amene anamanga pa ngongole, poyesa kuti mlendo wakhazikika, anatsala ndi mipando yopanda anthu ndi mafiriji opanda kanthu. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; ndipo anatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nyumba zimene zinapulumuka m'nyengo zonsezi, monga ndaonera ine, ndi zija zimene mwini wake sanaiwale mphunzitsi wa buku la ngongole pamene wa kumgodi anafika ndi ndalama zonona. Zimene zinalandira mlendo mwaulemu, monga mwambo ufunira, koma osakweza mtengo wa mbalaga kufikira mwini mudzi atalephera kuigula. Zimene wophika wake anakhala yemweyo zaka makumi awiri, kotero kuti munthu wobwera kuchokera ku Joni amapeza msuzi uli monga anausiyira. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse, ndipo ndikuinena tsopano chifukwa mgodi wa Kayelekera, umene kampani ya Lotus Resources inagula mu 2020, unayambiranso ntchito mu 2025, ndipo yesero lakale lija labweranso pakhomo. Sindiletsa munthu kupindula ndi mlendo, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tauni ya pamalire yokana alendo ikudzipha yokha. Koma miyala ya m'mgodi ili ndi malire ake, pamene anthu oposa 60,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza m'tauni ya Karonga, ndi oposa 360,000 a m'boma lonse, adzakhala akufuna kudya mgodi utatsekedwa kachiwiri.

Pali mdani wina amene timachita manyazi kumutchula, ndiye maliro a mwini nyumba. Kangati taona bizinesi imene munthu anaimanga zaka makumi atatu ikutha pa sabata imodzi, manda asanaphwe, achibale atagawana firiji, mipando, mapoto ndi malata, namusiya wamasiye, amene ndiye ankadziwa kumene amagula nthochi ndi amene ali ndi ngongole, atakhala pa mphasa m'nyumba yopanda kanthu? Mchitidwe umenewu susankha mtundu. Uli kwa ife otsata kuchikazi, uliponso kwa anzathu a kumpoto otsata kuchimuna. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linaika kulanda chuma chotere m'gulu la milandu, ndipo linaika mkazi ndi ana patsogolo. Koma lamulo lili m'buku, ndipo eni mabizinesi ambiri amaopa kulemba wilo monga ngati cholembera chimaitana imfa. Nyumba yodyeramo siili ngati ng'ombe zoti mugawane mwendo uno ndi mwendo uwo. Mukaigawa mwaipha, chifukwa chuma chake chenicheni ndi dzina, ndi dzanja la wophika, ndi mapazi a anthu amene anazolowera njira ya pakhomopo.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga, makamaka akulu a mpingo amene ndimawalemekeza, afika pano atakwinya nkhope, nati, kodi munthu uyu akutamanda malo a mowa m'nyuzipepala? Ndiwayankhe mosabisa. Mowa wapasula mabanja ambiri ku Karonga monga kwina kulikonse, ndipo matauni a m'mbali mwa msewu wa M1 analira maliro ochuluka m'zaka zija Edzi inalibe mankhwala; ine ndemwe ndinaperekeza kumanda anzanga ena a pakhonde lija. Koma tisiyanitse zinthu. Chimene chinaononga ana athu m'zaka zaposachedwa si nyumba yakale yokhala ndi mwini wodziwika, koma timapaketi ta kachasu wa m'fakitale tija boma linaletsa mu 2015, timene mwana ankagula pa kaokala ndi ndalama ya sopo, nakamwera kuseri kwa kalasi, popanda wamkulu womuona. M'nyumba ndikunenayi mwana wa sukulu sankalowa kuseri, ndipo munthu akaledzera mopitirira mayi aja ankatseka buku, naitana wa kabaza, nati, "Atate, kwada, ana akudikira," ndipo palibe mwamuna amene ankalimbana nawo. Kumwa pamaso pa anthu okudziwa kuli ndi mpanda umene kumwa kobisala kulibe. Ndipo tikumbukire kuti m'Malembo momwe Msamariya uja, atatola munthu wovulazidwa panjira, sanapite naye kukachisi, koma kunyumba ya alendo, nasiya ndalama kwa mwini nyumba, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwerera, kumene ndi kunena kuti nayenso anatsegula tsamba m'buku la ngongole.

Tsono chimene ndipempha si chachikulu, ndipo sichifuna thandizo la maiko akunja. Lero zochepa zimene zinalembedwa za malo odyera ndi ogona a m'tauni ino, monga Club Marina imene yakhala ikutchulidwa kwa zaka zambiri m'mabuku otsogolera alendo oona dziko, zinalembedwa ndi azungu odutsa, amene chidwi chawo chili pa mtengo wa chipinda ndi kuzizira kwa chakumwa; sitingawadzudzule, pakuti analembera anzawo. Koma nyumba yosungiramo zinthu zakale ija, imene chionetsero chake chimayambira pa zinyama zamakedzana ndi kudzathera pa demokalase, ingathe kutuma achinyamata ndi foni zawo zomwezo kuti akajambule mawu a ophika, operekera zakumwa ndi eni nyumba amene akalipo, awafunse kuti anayamba liti, anagula kwa yani, ankaphika chiyani m'chaka cha madzi, anatani usiku wa chivomezi. Radio Dinosaur ndi Tuntufye FM zingathe kupatula theka la ola pa sabata kuti nkhalamba zisimbe za tauni yakale m'zilankhulo zawo. Aphunzitsi a mbiri yakale a ku Chaminade ndi sukulu zina, m'malo mongolowetsa ana zaka za nkhondo za ku Ulaya, angathe kutuma aliyense kuti akalembe mbiri ya nyumba imodzi ya malonda ya kwawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda mabuku amene sanalembedwe.

Khonsolo nayo ili ndi mbali yake. Chaka ndi chaka eni nyumbazi amadula ziphaso za malonda ndi za mowa, ndipo mapepala amenewo, ngati chiswe ndi chinyezi zawasiya, ndiwo umboni wa chaka chimene nyumba iliyonse inayamba. Wina awasonkhanitse asanawatenthe poyeretsa ofesi. Ndipo kodi chingavute n'chiyani kuti nyumba imene yatumikira tauni zaka makumi atatu kapena anayi ipatsidwe kachikwangwani kapakhoma kotchula chaka chake, kapena ichotseredweko pang'ono pa msonkho, kuti mwana wa mwini nyumba aone kuti cholowa chake chili ndi ulemu, asachigulitse kwa woyamba kubwera ndi ndalama? Ku Blantyre nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikalipo, ndipo anthu amamweramo khofi pansi pamene pamwamba pali mabuku a mbiri ya dziko lino. Hotela ya Ryalls imanyadira kuti inayamba m'zaka za m'ma 1920. Zimenezo zinasungidwa chifukwa eni ake anali anthu olemba ndi osunga mapepala. Kampani yomweyo ya Mandala ndiyo inayambitsa tauni ya Karonga patangopita zaka ziwiri, koma mlendo wofika kutauni yakale lero amafunika womulozera kuti adziwe pamene zinthu zinali.

Chaka chatha ndinapitanso. Denga ndi latsopano, khoma lina linamangidwanso chivomezi chitaling'amba, ndipo chizindikiro cha madzi chija chinakwiririka ndi pulasitala. Mayi aja anatisiya; amene akuphika tsopano ndi mwana wawo wamkazi, yemwe ndinamusiya akutsuka mbale atavala yunifolomu ya pulayimale. Nditamufotokozera za funso limene ndinafunsa mayi ake, analowa m'kati, nabwera ndi katoni ya mabuku a ngongole akale, amene anati ankafuna kuyatsira moto koma mtima unamuletsa. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa tikutsegula masamba ofiira ndi fumbi, iye akuwerenga maina, ine ndikumuuza kuti uyu anali mphunzitsi, uyu anasamutsidwira ku Nsanje, uyu tinamuika m'chaka cha chisankho choyamba. Buku lakale koposa onse linalibe chikuto, ndipo tsamba loyamba, pamene panayenera kukhala chaka, chiswe chinadya. M'buku lachinayi anaima, nandiyang'ana, naseka, nati, "Bambo, kodi awa si inu?" Linalidi dzina langa, m'malembedwe a mayi ake, ndipo pambali pake panali mbale ziwiri za mbalaga ndi botolo limodzi la Green, zosadulidwa mzere. Ndalama zimene zinalembedwapo lero sizingagule ngakhale bokosi la machesi, chotero tinakangana pang'ono, iye akukana, ine ndikuumirira, kufikira analola kuti ndilipire pa mtengo wa lero. Ndipo anatenga cholembera, nadula mzere, nalemba tsiku ndi chaka.